Azakhali Anga a Simenti

Chaka chomwe akuluakulu a tauni yathu ya Balaka anaganiza zoti umphawi ungathe ndi simenti, anaitana mmisiri kuti aumbe chifanizo cha mayi wosenza dengu la thonje. Ankati chidzakhala chizindikiro cha mwayi. Mmisiriyo anazungulira msika kufunafuna nkhope, diso lake n'kugwera pa azakhali anga, omwe anachoka ku Utale kudzagulitsa chinangwa chophika m'tauni.

Ngati panali munthu yemwe mwayi unkamulambalala, anali iwowo. Thonje lawo linkathera mbozi, mbuzi zinafa ndi matenda, amuna awo anapita ku Joni n'kungoti zii. Komabe anavomera. Anaima padzuwa dengu lili pamutu, mmisiri akujambula, mpaka khosi kuuma.

Akuluakulu atabwera kudzaona ntchito anapukusa mitu. Mwayi, iwo anatero, sukhala wowonda chonchi. Mmisiri anawonjezera simenti m'masaya, m'mikono ndi kumbuyo, anabwezeretsa dzino lomwe azakhali anazula kalekale, n'kuwaveka nsapato zomwe moyo wawo wonse sanapondemo.

Sindidziwa anayambitsa ndani, koma posakhalitsa anthu anayamba kusisita nsapato ya kumanja ya chifanizocho. Ana olemba mayeso, akabaza, amalonda a ku Ulongwe, ngakhale ife aphunzitsi odikira kukwezedwa pantchito. Akulu ampingo omwe ankalalikira kuti limenelo ndi fano ankaimika njinga pomwepo, ati akupuma, dzanja lili pa simenti.

Azakhali anaona kuti posonkhana anthu sipasowa wanjala, choncho anasamutsira beseni lawo m'munsi mwa chifanizocho. Kwa nthawi yoyamba chinangwa chinkatha dzuwa lisanapendeke, ndipo adzukulu awiri omwe ankawalera anayamba kumwa tiyi wa shuga. Ndinakondwa kwambiri. Ogula sankawazindikira, ndipo azakhali akaloza m'mwamba n'kunena kuti "ameneyu ndine", anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Kenaka kunamveka zoti kukubwera alendo olemekezeka. Chifanizo chinapakidwa penti, panaikidwanso mlonda wa chibonga. Tsiku limenelo ndinadutsira pomwepo pochokera kusukulu, ndipo ndinapeza mlondayo ataima pamaso pa azakhali.

"Amayi, nyamulani izi. Kuyambira lero palibe kugulitsa pano."

"Bambo, bwanji ndingosunthira kuseriku?" anapempha azakhali.

"Iyayi. Alamula kuti pano pasaoneke zaumphawi. Simukuona mayiyu mmene akuwalira? Mukumuchititsa manyazi."

"Achimwene," ndinatero, "mayi mukumutetezayo ndi awa mukuwathamangitsawa."

Mlonda anayang'ana masaya a simenti aja, n'kuyang'ana azakhali kuchokera kumutu mpaka kumapazi ong'aluka. "Aphunzitsi, mwayamba kumwa masana?"

"Asiyeni, mwanangu," azakhali anandigwira mkono. "Wa simentiyu wanenepa chifukwa alibe ana owadyetsa."

Anavindikira chinangwa ndi chitenje, n'kusenza beseni. Tonse tinkadziwa komwe akubwerera: kuseri kwa msika, komwe chinangwa chinkazizira m'beseni wogula osaoneka. Ndinaganiza kuti anyamuka atakwiya, mwina kulavula malovu pansi. Koma iwo anakaima pamzere kumbuyo kwa ana asukulu, ndipo itakwana nthawi yawo anatambasula dzanja n'kusisita nsapato ija ngati wina aliyense. Ine ndinayang'ana kumbali, misozi ili m'maso.