Tsiku Lomwe Ornella Anaimitsa Lamba

Ornella Bassani ndinagwira naye ntchito zaka khumi ndi zitatu pa fakitale ya zipangizo za galimoto ku Corbetta, tebulo lake moyandikana ndi langa. Iye ankayesa timabokosi tamagetsi tomwe timalamula mabuleki. Kabokosi kakakhala bwino, pamakina pankayaka nyali yobiriwira, kakalakwika, yofiira. Anali mayi wosalankhulalankhula, wodya buledi wake ndi soseji ya salami ali chiimire. Mwamuna wake, Tullio, ankakhala kumtunda kwa lamba wonyamula katundu, kuwotcherera mawaya pamanja, ndipo kabokosi kalikonse kodutsa m'manja mwake ankakadinda nambala 41.

Lachinayi lina m'mawa, lole yopita ku Torino itapakira kale theka, nyali yofiira inayaka. Ornella anaika kabokosiko pambali. Kotsatira, yofiiranso. Titakwana tisanu ndinamuona akutitembenuza kuyang'ana kunsi. Tonse tinali ta 41.

"Achemwali, kwagwanji?" ndinamufunsa chapansipansi.

"Manja a bambo akunyumba akunjenjemera. Kunyumba khofi akumwera manja awiri," anatero osandiyang'ana.

Posakhalitsa anatulukira kapitawo wathu, a Gualtiero Rota, mapepala ali kukhwapa.

"Mayi Bassani, dalaivala akundidya wamoyo panjapa. Makinawa amanama akazizidwa. Yesaninso."

Anayesanso. Tiwiri tinayatsa yobiriwira.

"Si izo? Pakirani."

"Wayayo wangokhudza, bwana, sanagwire. Galimoto ikagunda bampu adzalekana."

A Rota anawerama n'kutsitsa mawu. "Ndikalemba lipoti, mukudziwa dzina lomwe lilowemo? Bambo aja atsala ndi zaka ziwiri zokha kuti apume. Ganizani bwino."

Ornella anaika manja pamaondo. Lamba ankangoyenda, timabokosi tikuunjikana patsogolo pake, kamodzi mpaka kanagwa pansi. Kenaka anaimirira, nayenda masitepe ochepa kukafika pa batani lalikulu lapakhoma loimitsira lamba, n'kulikanikiza.

Chilichonse chinazima. Anthu makumi asanu ndi limodzi anatembenuka nthawi imodzi. Kumtunda kuja Tullio anavula magalasi, nayenda pang'onopang'ono kubwera kwa mkazi wake. Anatola kabokosi kamodzi, nakayang'ana kunsi, ndipo tonse tinaona kakugwedezeka m'dzanja lake.

"Mayi a Nives, mukanandiuza kaye ineyo," anatero kwa mkazi wake.

"Ndinakuuzani mu Malichi, bambo. Munati ndi mphepo chabe."

Tsiku limenelo tinatsitsa katundu yense mu lole. Timabokosi makumi atatu ndi mphambu zisanu ndi zitatu tinapezeka ndi waya wosagwira. Dokotala anapeza kuti Tullio ali ndi matenda a mitsempha, ndipo anamusamutsira kosungira katundu, kumene ankangomata mapepala pa makatoni. Kwa milungu itatu sankabwerera limodzi kuntchito: iye ankabwera pa njinga, mkazi wake pa basi. Kukantini amayi ena ankanyamula mbale zawo Ornella akakhala pansi, ati mkazi wanji wogulitsa mwamuna wake.

Ornella anagwirabe ntchito zaka zina zisanu ndi chimodzi. Pano onse awiri ali pakhomo ku Magenta. Ndinawachezera mwezi wathawu, ndinapeza Ornella akumeta mwamuna wake ndevu pakhonde, atamugwira chibwano kuti asagwedezeke. Tullio anayamba kundifunsa za anzathu akale, thovu la sopo lili kukamwa.

"Tsekani pakamwa, bambo, ndingakuchekeni," anatero Ornella.