Tinyumba Tiwiri ta Mapesi

Pa esiteti ya fodya ija ili cha ku Lisasadzi, mukafunsa za a Levison anthu amayamba akanda kaye kumutu. Koma mukangoti a Chabwino, ngakhale mwana akulozerani: nyumba yachitatu pamzere wa matenanti, ya chitseko cha lata. Dzinalo sanalitole panjira, analigwirira ntchito. Kapitawo akati mizere iyi yakhota, mubwereze, iwo amati chabwino. Akati chaka chino mulima kumunsi kuja, kumene aliyense amakukana, chabwino. Anzawo ankawaseka kuti tsiku lina munthu adzawabwereka mutu, iwo n'kuuzula n'kupereka.

Sikuti anali opepera, ayi. Fodya wawo ankatuluka m'chigafa atauma bwino, wopanda nkhungu, ndipo posankha masamba panalibe wowaposa diso. Kungoti mumtima mwawo munachita dzanzi kalekale, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali: ulipo ndithu, koma ukautsina sukumva kanthu.

Anabadwira ku Phalombe, ana awiri okha, iwo ndi mlongo wawo Feggie amene anali wamkulu ndi zaka zitatu. Mayi awo atamwalira, abale anagawana anawo tsiku lomwe ankagawana mbale ndi zitenje za malemu. Feggie anapita ku Chiradzulu. Levison, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anatengedwa ndi amalume ake amene ankabwera ku Kasungu kudzalima fodya. Za tsikulo amakumbukira zochepa. Inali nyengo ya masika. Feggie anamuthirira mtedza m'thumba la kabudula kuti azidya m'njira, koma thumbalo linali lobooka, ndipo pofika pa basi munalibe ngakhale kamodzi.

Anadzaonananso ndi Feggie patatha zaka makumi awiri ndi ziwiri, pamaliro a amalume aja. Mayi wina wojintcha, mwana kumsana, anagwada chapatali n'kuwomba m'manja.

"Muli bwanji, achimwene? Kunyumba mwasiyako bwanji?"

"Tili bwino, kaya inu."

Anakambako za mvula ya chaka chimenecho, kenako za kukwera kwa feteleza, basi mawu n'kutha. Akuluakulu amati chibale n'fupa, sichiola. Mwina sichioladi, koma a Levison anaona ndi maso awo kuti chimauma.

Mkazi anamupezera pa esiteti pomwepo. Ezelina anali wa ku Linthipe, ku Dedza, ndipo anabwera ndi makolo ake kudzalima. Anali wolongolola, woti amayankhulira anthu awiri, choncho banjalo linayenda bwino chifukwa mwamunayo analibe mawu oti awonjezere. Anabereka Tiyamike, ndipo patapita zaka zinayi kunabwera Samsoni, dzina lalikulu koma miyendo ngati ya chiwala. Chaka chino mu February, fodya ali pakati pothyoledwa, Ezelina anadandaula mutu Lolemba. Pofika Lachisanu anali atapita. Anati ndi malungo.

Maliro anakaikidwa kwawo ku Linthipe. M'mawa mwake akuchikazi anakhala pansi, ndipo amalume a malemu, eni mbumba, analongosola bwinobwino. Ana ndi a kuchikazi, zimenezo n'zodziwika. Mwana wamkazi sangakulire m'manja mwa bambo amene amachoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa, ndiye Tiyamike adzatengedwa ndi Vailet, mng'ono wake wa malemu, ntchito ya fodya ikangopepuka. Koma poti mkamwiniyu anawasungira mwana wawo mwaulemu, Samsoni amusiyira kuti nyumba isazizire. Onse anatembenukira kwa a Levison.

"Chabwino," anatero.

Pamaliropo sanalire, ndipo amayi ena anazinong'onezana. Atabwerera ku esiteti anapitiriza pamene anasiyira: kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa. Ankaphikira ana, kuwasambitsa, kuwafunditsa. Zonse ankachita bwino lomwe, koma ngati akugwirira ntchito munthu wina.

Mwezi wa May pa zigwa za Kasungu ndi mwezi wa ana. Akuluakulu amakhala atatsekeredwa m'zigafa, kusankha masamba ndi kudinda mabelo, fumbi la fodya lili m'mphuno, ndipo minda yonse imatsala m'manja mwa tiana. Chimanga chachoka, mtedza wakumbidwa, udzu wayamba kufiira, kamphepo kozizira kakuomba. Ndiyo nthawi ya masanje. Ana amakunkha zotsalira m'mizere, kachitsononkho apa, mtedza uko, kambatata koiwalika, n'kumanga tinyumba ta mapesi, n'kumaphika m'zitini ngati mabanja enieni.

Tiyamike ndi Samsoni anali ndi kanyumba kawo pafupi ndi chulu, m'munda wa bambo awo. Kumeneko Tiyamike, wa zaka zisanu ndi zitatu, anali mayi, mphunzitsi, dalaivala ndi dokotala, zonse yekha. Ankakhazika mlongo wakeyo pachigubu chodula pakati n'kumukoka kutsika chulu, Samsoni akukuwa kuti afika ku Lilongwe. Anamupangira magalasi a mapesi amene ankagwa akangoyetsemula. Ankathamangitsa ziwala, mkulu kugwira, wamng'ono kusunga m'botolo, ndipo theka la ziwalazo linkathawa chifukwa wosungayo ankatsegula pafupipafupi kuti aone ngati zikadalimo. Madzulo ankabwera ali mbuu, zovala zili chisoso chokhachokha. Anthu pamzerepo ankati ukaona Tiya, yang'ana kumbuyo kwake, mchira ulipo.

Lamulungu lina Vailet anaimba foni. A Levison anayankhira pakhonde, ana akusenda mtedza pambali pawo. Anati abwera Loweruka, mwanayo amukonzere zovala. Iwo anati chabwino, n'kubweza foni m'thumba. Sanaganize zowauza anawo, komanso sanaganize kuti ana ali ndi makutu.

Lachitatu anatenga khasu kukazula zitsa za fodya, poti kapitawo salola kuti zigone m'munda kuopa matenda. Ali mkati mozula anaona kuti kanyumba ka ana kaja kabala kanzake. Kena kanali pachulu pomwe paja, kena chapatali pang'ono, mtunda woti n'kuponyerana chitsononkho. Anangoti akangana, ana ndi ana. Lachinayi kanyumba kachiwiri kaja kanali katasunthira pakati pa munda. Lachisanu kanali kumapeto kwenikweni, pansi pa mitengo ya bulugama, koti munthu ali pachulu amangokaona ngati kamulu ka zinyalala.

Mzere umene ankazula unawafikitsa komweko. Anasuzumira. Samsoni anali atakhala yekha m'katimo, magalasi ake a mapesi ali pamphuno, mbatata yootcha ili m'dzanja yosalumidwa. Dzanja linalo anali atatseka nalo pakamwa. Misozi inali italemba tinjira pafumbi la m'masaya, koma mawu sankatuluka.

"Iwe, ukutani wekha kuno? Tiya ali kuti?"

Mwanayo anachotsa dzanja pakamwa n'kuloza kuchulu. "Ali ku Dedza."

"Ku Dedza?"

"Eee. Kuno ndi kwathu. Ndikapanda kulira mpaka mthunzi ufike pamwala apo, andipatsa mtedza." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Sindikulira, ababa. Ndi maso okha."

A Levison anayang'ana mwalawo. Mthunzi wa bulugama unali utatsala pafupifupi phazi limodzi kuti uukhudze. Anasiya khasu n'kuyenda kudutsa munda wonse mpaka kuchulu. Tiyamike sanawamve akubwera. Pamafuwa panalibe moto, zitini zinali zovundikira. Anali atagwada m'kanyumba kake, diso lili pakampata ka mapesi, akuyang'ana kumitengo kuja osaphethira.

"Masewera anjinso amenewa?"

Anadzidzimuka, kenako n'kukhala bwino. "Tikuzolowera, ababa. Lachitatu analira nditangotembenuka. Dzulo anafika pakati. Lero akhoza."

"Nanga iweyo?"

"Ine ndine wamkulu."

Ananena zimenezo akuyang'ana pansi, akukumba dothi ndi kamtengo. Kenako anayamba kuwalangiza bambo ake mofatsa, mmene ankachitira mayi ake potuma munthu kumsika. Akamalira musamamukalipire, mungomupatsa choti agwire. Chisoso muzimuchotsa asanagone, chimamuyabwa. Mbatata sadya khungu.

"Ndiponso thumba lake lakumanja ndi lobooka. Musamamuikire zinthu m'menemo, zimagwa."

A Levison anatsegula pakamwa kuti anene mawu awo aja, koma anakanika kutuluka. Kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Phalombe anamva kuwawa, kuwawa kwenikweni, ngati mwendo wadzanzi uja magazi akayamba kubwereramo. M'maganizo mwawo anaona Tiyamike atakula, mwana kumsana, atagwada chapatali pamaliro a munthu wina, akufunsa Samsoni kuti kunyumba mwasiyako bwanji. Anabwerera kukatenga khasu lawo. Tsiku limenelo sanazulenso chitsa china.

Loweruka Vailet anafika pakabaza dzuwa lisanatenthe. Atalonjerana, atamwa madzi, anaona majumbo awiri atatsamira khoma.

"Alamu, zovala za mwana mmodzi zonsezi?"

"Linalo ndi la Samsoni."

Vailet anaika kapu pansi. "Sitinapangane choncho. Akuluakulu anati mnyamatayu atsale ndi inu."

"Anatero, ndipo anandichitira chifundo. Ine ndikanakonda atsale onse kuno, koma mlandu umenewo ndikudziwa kuti sindingaupambane. Ndiye apite onse."

"Kwangatu kuli kale atatu, alamu. Mukudziwa."

"Ndikudziwa. Chimanga ndakolola chija ndikutumizirani, chaka chamawanso chimodzimodzi. Ine pakamwa ndi pamodzi." Anapumira kaye, poti sanazolowere kuyankhula mawu ambiri chonchi nthawi imodzi. "Ine ndili ndi mlongo wanga ku Chiradzulu, mimba imodzi. Tikakumana timakamba za mvula. Awa musawagawe."

"Nanga inuyo mutsala ndi yani?"

"Nditsala ndi fodya."

Vailet anayang'ana kubwalo. Tiyamike anali atagwada, akuchotsa chisoso pakabudula wa Samsoni kamodzikamodzi, ngakhale kuti kabudulayo anali wochapa kale. Mayiyo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Chabwino, alamu."

Mawu amenewo a Levison anali atawapereka kwa anthu moyo wawo wonse. Aka kanali koyamba kuti wina awabwezere, ndipo anawalandira ataweramitsa mutu.

Anawaperekeza mpaka kumsewu wafumbi, jumbo lina kudzanja ili, lina kudzanja ilo. Tiyamike atamva kuti apita onse sanadumphe kapena kuseka. Anangogwira dzanja la mlongo wake, ndipo sanalisiyenso ngakhale pokwera njinga. Atakhala kale, anatembenuka n'kuwayang'ana bambo ake nthawi yaitali, ngati wamkulu amene wazindikira kuti pali wina amene anaiwala kumuzoloweza. Samsoni yekha ndiye anali ndi nkhani. Anawakodola kuti awerame.

"Ababa, tsopano kwathu mutsala inuyo. Mukapanda kulira mpaka mthunzi ufike pamwala, Tiya adzakupatsani mtedza."

"Ndamva," anatero a Levison.

Makabaza awiri anatsetsereka kulowera kumsewu waukulu, fumbi n'kutsalira. Iwo sanabwerere kunyumba. Anakhotera kumunda, poti zitsa zinali zikadalipo zambiri ndipo kapitawo anali atanena kuti pofika Lolemba zikhale zitatha. Anazula mzere umodzi, wachiwiri, ndipo wachitatu unawafikitsa pansi pa bulugama paja. Kanyumba kanali chiimire. M'katimo munali chitini, makoko a mtedza ndi magalasi a mapesi othyoka mwendo umodzi.

Anaika khasu pansi n'kulowa chokwawa. Mutu unagunda denga, miyendo inatsalira panja. Munthu wa zaka makumi anayi, tenanti wodziwa ntchito yake, anakhala pamenepo maso ali pamwala, dzanja lili pakamwa. Anayesetsa ndithu. Koma pamene ankalephera, mthunzi unali usanafike ngakhale pakati.