Ndodo Imene Overton Anataya

Akuluakulu a sukulu ina ya ku Dubai Sports City analengeza kuti Loweruka lotsatira antchito onse adzasangalala. Chilengezocho chinamatidwa pachipata. Chinanena momveka bwino kuti chisangalalocho n'chokakamiza, kuti chidzachitika kudzera m'masewera a kiriketi, ndiponso kuti aliyense wofuna kujomba afotokoze chifukwa chake.

Woyamba kuwerenga anali Overton, chifukwa ndiye ankalondera chipatacho. Mtima wake unali kwina. Kampani ya alonda inali itamuuza kuti mwezi ukatha imubwezera ku doko la Jebel Ali kukayang'anira makontena, ndipo makontena sapereka moni. Pachipata pa sukulu ankamvako phokoso la ana, limene munthu wophunzira uphunzitsi amalisowa ngati mchere.

Inde, Overton anali mphunzitsi, kungoti yunifolomu sinkanena. Anaphunzira pa koleji ina ya aphunzitsi ku Malawi, kumene mnyamata wina wa ku Japan anafika ndi thumba la magolovesi n'kuyambitsa timu ya besibo, masewera a ku America omenya mpira ndi ndodo. Timuyo sinagonjepo, chifukwa m'chigawo chonsecho munalibe ina yosewera nayo. Ankangogawikana pawiri n'kupikisana okhaokha, Overton n'kumamenya mpira mpaka m'chimanga cha apulinsipolo. Atamaliza maphunziro anadikira kulembedwa ntchito. Anauzidwa kuti ndondomeko ikukonzedwa. Ndondomeko ili mkati, iye anakwera ndege.

Loweruka litafika, Kasuba, mlonda wa ku Zambia amene ankagona naye chipinda chimodzi, anamupatsa ndodo yaphwatalala ya kiriketi.

“Mudala, osaganiza maningi,” anatero Kasuba. “Umenye, uthamange, khalas.”

Overton anamenya. Mpira unadutsa pamwamba pa ophika, pamwamba pa madalaivala, n'kukagwera pafupi ndi mpanda. Apo thupi linakumbukira za kukoleji. Pa kiriketi munthu amathamanga ndi ndodo yake m'manja, molunjika kutsogolo. Overton anaitaya pansi n'kuliyatsa liwiro cha kumanja, kumene pa besibo kumakhala poima poyamba. Tsikulo kunali tebulo la tiyi.

“Bhai! Bhai! Ndodo!” anakuwa madalaivala a ku Pakistan, ena atagwira pamimba.

“Iwe, uyenda kuti?” anafuula Kasuba. “Tiyi ni pambuyo!”

Overton anaima pa tebulopo, manyazi atamugwira, n'kutola samusa kuti aoneke ngati anali ndi cholinga. Chisangalalo chimene akuluakulu analamula chinapezeka chokwanira.

Mmodzi yekha sanaseke: Mayi Lennah, mkulu wa zamasewera pasukulupo, amene anakulira ku Canada. Anabwera pa tebulopo.

“Munasewerera kuti?” anafunsa.

“Kiriketi sindinasewerepo, madamu.”

“Zimenezo taona tonse. Ndikunena besibo.”

Zinapezeka kuti makolo a ku Japan, ku Korea ndi ku America anali atawatopetsa mayiwo ndi kufunsa za besibo. Magolovesi anagulidwa kalekale ndipo anali kusitolo ya sukulu m'mapulasitiki awo. Chosowa chinali munthu.

“Kuphunzitsa ana mungathe?”

Overton anameza samusa ija. “Ndi ntchito imene ndinaphunzira, madamu. Kuchipata ndinangopatukirako.”

Sizinachitike mawa lake. Pepala lake la uphunzitsi linafunika zidindo, ndipo mlongo wake Towera analiyendetsa m'maofesi a ku Lilongwe mpaka linadziwa mzindawo kuposa mwini wake. Mwezi unatha, basi ya kampani inamutengera Overton ku Jebel Ali, ndipo nyengo yotentha yonse anaithera pakati pa makontena. Kasuba ankamuseka kuti aziwaitana mayina m'mawa ngati kalasi. Iye foni ikalira ankadumpha. Tsiku lina inalira, ndipo anali Mayi Lennah.

Lero Overton ndi wothandizira mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, ndipo masana ndi kochi wa besibo. Phunziro lake loyamba kwa ana atsopano silisintha: ukamenya, siya ndodo pansi. Ana okulira ku Dubai amathamanga nayo, ndipo iye amawabweza mosakalipa, pokumbukira tebulo la tiyi. M'mawa Kasuba amamutsegulira chipata ndi saluti yopitirira muyeso.

“Yalla, aphunzitsi, ngenani. Ndodo mwasiya kuti lero?”

Mukamufunsa Overton amene amamuthokoza, amayamba ndi Mulungu. Kenako amatchula mnyamata wa ku Japan uja, Towera ndi nsapato zimene anathera m'maofesi, ndi Mayi Lennah amene anaona mphunzitsi mwa munthu wothawira tiyi. Pomaliza, mosaseka n'komwe, amathokoza amene analemba chilengezo chija.

“Akanati chisangalalo n'chosakakamiza, ine ndikanagona,” amatero.

Akuluakulu nawo sanakhale chete. Ataona kuti timu yakula, analengeza kuti amanga bwalo la besibo la udzu wobiriwira, magetsi ndi mipando ya makolo, ndipo lidzatha nyengo yozizira isanafike. Chithunzi chake chinamatidwa pachipata, ndipo dzuwa lachiyeretsa. Timu imasewerera poimika mabasi, mabasiwo akachoka.