Takulekerera

Akazi anga ndinakawatenga kwa Maseya, ku Chikwawa, n'kubwera nawo kwathu ku Marka, kumene timayankhula Chisena. Chisena ankachimva patalipatali, chogulira tomato pamsika basi. Ndinkawaseka kuti adzachidziwa atamera imvi.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anali atangoyamba kuthamanga pamene ng'ona inamutenga. Amake ankachapa padooko. Anatembenuka kuti afinye chitenje, pocheuka n'kupeza madzi okha akuwinduka. Ine ndinali kumsika ndi milamba yowamba. Tinasaka m'bango ndi mabwato mpaka tinamupeza, koma za mmene tinamupezera sindinena.

Pamaliro azimayi ena apakamwa ankanong'onezana m'Chichewa, dala kuti mlendoyo amve: "Analekerera mwana." Ndikanawamva ine, bwenzi nditawathamangitsa ndi chikuni chamoto, ndithu! Koma amene anamva ndi akazi anga.

Titabwera kumanda, mayi anga, munthu wa mpingo wosadziwa kusunga chakukhosi, anakagwada pamphasa pamene panakhala mpongozi wawo. Anawagwira manja n'kunena m'Chisena, mokweza kuti abale onse amve: "Mwananga, takulekerera. Na Mulungu akulekerera."

Kwathu amenewa ndi mawu aakulu. M'Chisena kulekerera ndiko kukhululuka, ndipo ndi mawu omwe timanena m'pemphero la Ambuye popempha kuti atichotsere machimo. Koma m'Chichewa cha akazi anga kulekerera ndi kutayirira, kusiya chinthu chiwonongeke iwe uli pomwepo. Iwo anamva kuti apongozi awabwezera mawu a azimayi aja: monga unalekerera mwana, nafenso takutaya, Mulungunso wakutaya. Anagwa chafufumimba, ife n'kumati ndi chisoni chabe.

Zimenezi anadzandiuza mochedwa, thupi lawo litatha kale. Kalanga ine! Ndinafotokoza mpaka kukamwa kuuma. Ndinaitana mayi, nawonso anafotokoza misozi ili chuchuchu. Akazi anga anati amva. Ndipo anamvadi, poti lero Chisena amachiyankhula kuposa ine. Koma mawu aja anali atalowa kale ngati munga wa mlamba, woti ukausolola umasiya ululu momwemo.

Kutchalitchi ankapitabe, koma pa Mgonero ankakhala phee pabenchi, mkate n'kuwadutsa. Zimenezi zinkandiwawa kwabasi. Tsiku lina ndinapsa mtima n'kuwakalipira panjira. Ndinati, "Kodi inu tchimo lanu ndi lalikulu kuposa mwazi wa Yesu? Ndipo tchimo lake liti? Kufinya chitenje?" Anangosenza mtsuko n'kupita kumjigo, poti kudooko sanapondekonso.

Ndinakapempha abusa kuti abwere kunyumba. Anabwera masana, tinakhala pansi pa mtengo wa nimu. Anasamala kwambiri, anayankhula Chichewa chokhachokha. Anati ngozi si tchimo, ndipo ngakhale likanakhala tchimo, linalipiridwa kale pamtanda. Anati Mulungu amaudziwa ululu umenewu, chifukwa nayenso anaona Mwana wake akufa, osamulanditsa, kuti ife tikhululukidwe.

Akazi anga anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye kuti anamulekerera, abusa?"

Abusa anakhosomola. Anati tikhoza kutero, koma chinali chikondi.

"Mulungu anamulekerera akudziwa, ndipo tsiku lachitatu anamuonanso," anatero akazi anga. "Ine ndinangotembenuka."

Abusa anatsegula Baibulo, n'kulitsekanso. Anapemphera pemphero lalitali. Ine ndinkangoyang'ana nyerere zikukoka chimamba cha nsomba pafumbi, mutu uli mbee.

Mulungu anatipatsa ana ena, akukula bwino. Chiphunzitso cha mtanda ndimachikhulupirira, ndipo Mgonero ndimadya. Koma mkate umawadutsabe amake ana, ndipo sindidziwa chochita. Ndayesa kunyengerera, ndayesa kukalipa, ndayesa kukhala chete.

Lamulungu lililonse mpingo umaimirira kunena pemphero la Ambuye m'Chisena. Akazi anga amanena nawo bwinobwino kuchokera kumbali ya azimayi. Tikafika pa "mutilekerere", ndimawaona akutseka pakamwa. Poyamba ndinkakweza mawu pamenepo kuti ndiwanenere. Masiku ano nanenso mawuwo satuluka.