Pampu ya amalume ku Lirangwe

Amene anandiipitsira dzina ndi amalume anga, achimwene awo a mayi. Ananditchula mlesi pamaso pa anthu, nkhani yake ya pampu.

Atapuma ntchito ya ulonda ku bwalo la ndege ku Chileka, anagula sola, mabatire awiri ndi pampu yothirira matimati kudimba kwathu ku Lirangwe. Ine n'kuti nditasiyira sukulu Fomu 1, ndiye anati ndiziiyang'anira. Mizere isanu ya kumunsi anandipatsa kuti ikhale yanga.

Pampuyo ndinaiphunzira ndi dzanja. Ukagwira mota ikangoyaka kumene, umaimva ikunjenjemera, kasingano ka batire n'kugwa. Ikakhazikika imadya moto pang'ono. Chimene chimaipha n'kuyatsayatsa. Ndiye ine ndinkayatsa kawiri basi pa tsiku: dzuwa likafika pamutu, ndi likayamba kupendeka. Thanki inali pachulu. Ikadzaza ndinkathimitsa, madzi n'kumatsika okha m'mapaipi, ine n'kukakhala pansi pa mango.

Kukhala pansiko n'kumene kunkawawawa amalume. Munthu woti waima pageti zaka zonsezo, kwa iye ntchito ndi kuoneka uli chiimire.

"Iwe, pampu yangoti zii bwanji?"

"Ikupuma, amalume."

"Ikupuma? Yalima munda wa ndani?"

Tsiku lina kunabwera akuluakulu a mpingo kudzaona dimba. Amalume anandiloza ndi chibwano.

"Uyu sukulu inamukana, khasu linamukana, pano akuphunzitsa makina ulesi."

Anaseka onse. Ndinaponya sipanala pansi n'kuchokapo, chifukwa ndikanakhala kanthawi ndikanachita zoipa. Mtima wanga ndimaudziwa.

Kuyambira tsiku limenelo amalume anayamba kuigwira okha pampuyo. Madzi akangotsika chikhato m'thanki, iwo pa swichi. Akangokwera pang'ono, athimitsa. Tsiku lonse zomwezo, thukuta kamukamu, okhutira kuti tsopano ntchito ikuoneka. Sabata yachitatu mota inanunkha ngati tayala lakupsa, basi osadzukanso. Dzuwa lake la chilimwe lija. Mizere yanga, yomalizira kulandira madzi, ndi imene inayamba kufota.

Matimatiwo ndikanapirira. Koma mayi anabwera kuchokera kutchalitchi nkhope ili pansi.

"Amalume ako akuuza anthu kuti pampu ija unaiononga ndiwe usanachoke."

Sindinadye n'komwe. Ndinatsetsereka kudimba, ndinawapeza amalume akukwera kuchokera kumtsinje ndi makheni awiri a madzi, akupumira m'mwamba. Sindinawalandire. Ndinaima panjira pawo penipeni.

"Amalume, pampu sindinaiphe ine. Ine ndinkaigwira kawiri pa tsiku, inu kosawerengeka, kuti anthu akuoneni muli pa ntchito. Si geti imeneyi ayi. Mupite mukawauze akuluakulu aja kuti mlesi uja madzi ankawafikitsa mpaka mzere womaliza."