Tsiku Limene Ababa Anaphunzitsa Kalasi Lathu

Ababa ankaweta ng'ombe za mzungu wa esiteti ya tiyi, koma ine mwana wawo ndinali ndisanapondeko kukholako. Ankachoka kusanache n'kubwera dzuwa litapendeka, ndipo pakhomo sanali munthu wolankhulalankhula.

Ndili m'kalasi lachiwiri pasukulu ya mishoni kufupi ndi Makwasa, aphunzitsi anatiuza tsiku lina kuti tisiye masileti, tikaone ng'ombe. Ambirife makolo athu anachokera kwa Apwitikizi atanyamula makasu ndi nkhuku basi. Ng'ombe tinkangozionera patali zikukoka ngolo za masamba kupita kufakitale.

Tinayenda pamzere m'kanjira ka pakati pa tiyi, mame akutinyowetsa mpaka m'mawondo. Amayi othyola tiyi, madengu kumsana, ankatikuwira kuti, "Kodi sukulu yasamuka?"

Pachipata cha khola tinapeza ababa. Aphunzitsi anavula chipewa n'kunena kuti, "Ana inu, lero ine ndine mnzanu. Aphunzitsi ndi awa."

Mtsikana amene ndinkakhala naye benchi imodzi anandikodola. "Si abambo ako awo?"

"Ndi omwewo," ndinayankha mokweza kuti akumbuyo amve.

Sindinadziwe kuti ababa anali ndi mawu ochuluka chotero. Ankasakaniza Chinyanja ndi Chilomwe, akulankhula ndi ife, akulankhulanso ndi ng'ombe. Anaikanula pakamwa ng'ombe ina yofatsa kuti tione kuti kutsogolo ilibe mano akumwamba, ndipo mnyamata wina yemwe mano ake anali ataguluka anatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Anatisonyeza nkhupakupa kuseri kwa khutu. Kenaka anatitengera pamulu wa ndowe zosakaniza ndi udzu.

"Pisani dzanja," anatero.

Tinayang'anana. Ndinayamba ndine, poti ndinali mwana wa mwini ntchito. M'katimo munali motentha ngati m'phulusa!

"Zikupsa," anatero ababa. "Zikapsa, chimanga chimadya zimenezi. Nanunso mumadya chimangacho."

Anzanga anakuwa monyansidwa, koma aliyense anapisa ndithu.

Itakwana nthawi yokama, aphunzitsi anapinda malaya n'kukhala pachitsa. Anafinya, anakoka, anafinyanso, koma osatuluka ngakhale dontho. Ng'ombe ija inacheuka n'kuwayang'ana, kenaka inawakwapula kumaso ndi mchira. Tinayesa kudzigwira, poti kuseka aphunzitsi unali mlandu, koma titaona kuti iwo eni akuseka mpaka misozi, tinagwa nako kuseka.

"Bwera kuno, mwanawe," ababa anandiitana. Anagwira dzanja langa m'dzanja lawo lokhakhala. "Usakoke. Tseka pamwamba, zala zitsike chimodzichimodzi."

Mkaka unalira m'ndowa, tsiii! Anzanga anaomba m'manja, ine mutu nditautsamiritsa pamimba yofunda ya ng'ombeyo, osafuna kuchokapo.

Kapitao wa pakholapo analola kuti tilawe. Chikho chimodzi chinazungulira tonse, aliyense n'kutsala ndi ndevu zoyera. Wina anati ukukoma ngati nsinjiro, wina anati ukununkha ng'ombe, koma palibe anakana.

Pobwerera tinasenza manyowa okulunga m'masamba a nthochi, oti tikathire m'dimba la sukulu. Anga anabooka panjira n'kumandigwera m'khosi, koma sindinawatule. M'dimbamo tinabzalamo maungu, ndipo anayanga mpaka kukwera mpanda wa tchalitchi.