Bokosi Limene Anakhoma Anzawo

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Ndinali nditangotsamira khoma pang'ono, pakati pa amayi a kumpingo amene anachezera kuyimba m'nyumba ya siwa. Kunja kunali chisanu cha mu Juni. Amuna anali atazungulira moto wa zitsa, ndipo nkhungu inali itaphimba mapiri a ku Ntchisi.

Malemuwo anali achimwene anga. Kwathu, kufupi ndi kwa Dzoole, anthu ankawadziwa ndi phokoso. Anamva nyimbo zaphokoso za magitala zotchedwa panki pa foni ya mnzawo wa ku kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka, ndipo kuyambira pamenepo sanafunenso zina. Gitala anapanga okha ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. Masipika anakhoma okha. Ankayimba ndi anzawo atatu m'chigafa cha fodya, n'kujambula nyimbozo pa foni, n'kumagawira aliyense wozifuna. Ankati chinthu chogula chilibe fungo la mwini wake.

Kuchipatala ndinkawadikirira ndine. Kutatsala masiku awiri kuti atisiye, anandiuza kuti asadzagone m'bokosi logula, koma lawo adzakhome anzawo. Anzawowo ndinawauza pa foni. Amalume, omwe ndi eni mbumba, sindinawauze. Ndinkaopa. Chibadwire sindinalankhulepo nawo mawu opitirira moni.

Kutayera, amayi a m'mudzi anasonkha moto kuseri kwa khola, ife atsikana tikutunga madzi. Anthu ankatsika m'tinjira ta m'phiri, ena atasenza nkhuni, ena timabeseni ta ufa. Adzukulu anali atapita kale kukakumba manda. Dzuwa silinatuluke.

Ngolo inafika ndi bokosi limene amalume anagula, lonyezimira, la zogwirira zoyera. Posakhalitsa anatulukira anzawo a achimwene aja, akukankha lawo pa njinga ziwiri. Linali lakuda. Anali ataphwasula masipika n'kuwonjezera matabwa a m'chigafa, moti mbali imodzi pankaoneka chigamba pomwe panali bowo la sipika. Zogwirira zake zinali malamba a gitala.

Amalume anati libwerere kumene lachokera, pakuti m'banja mwathu munthu sapita ngati katundu wa pamsika. Anyamatawo anayang'ana ine.

Ndinatula ndowa. Ndinagwada chapatali, ndipo ndinanena zimene achimwene anandiuza. Mawu sanamveke. Amalume anandiuza kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza pamaso pa akulu a mpingo onse.

"Iwe, masiku onsewa unali kuti ndi mawu amenewa?" anafunsa amalume.

Wolakwa ndinali ine, ndipo manyazi ndinawagwetsera iwo.

Amayi anga anatuluka m'siwa atagwiriziridwa ndi anzawo awiri. Analiyang'ana bokosi lakudalo nthawi yaitali.

"Alongo," anatero kwa amalume, "mwanayu sanatimvereko ali moyo. Lero timumvere ndife."

Bokosi logula linakwezedwanso pa ngolo. Amalume anakhala pansi osayang'ana munthu.

Tinanyamuka masana, kukuwaza kamvula. Akwaya anatsogola ndi nyimbo za mpingo. Anzawo a achimwene sanalize kanthu. Wa ku Dzaleka uja sankazidziwa nyimbozo, ankangomenya ntchafu ndi chikhatho motsatira mapazi a anthu. Amuna ankalandirana bokosi, ndipo aliyense wochokapo ankadziyang'ana paphewa. Penti anali asanaume. Anyamatawo anapaka m'bandakucha, ndipo ndi chisanu chija sakanauma. Palibe anadandaula.

Potsetsereka pafupi ndi dambo, lamba mmodzi anaduka ndipo bokosi linapendekeka. Amayi ambiri anakuwa. Amalume ndi amene anali pafupi. Analiwakha ndi chifuwa, n'kuliika paphewa. Wina atabwera kuti awalandire, anapukusa mutu. Anafika nalo kumanda okha mbali imeneyo, malaya awo oyera a kutchalitchi atada kuyambira pakhosi mpaka m'mimba.

Mwambo wa kumanda unali waufupi chifukwa cha mvula. Pokwirira, dothi linkamveka mosiyana pa matabwa osafanana aja.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Pabwalo panatsala phulusa lonyowa ndi mafuwa. M'nyumba amayi anagona pamphasa atayang'ana kukhoma, azakhali atakhala kumiyendo kwawo. Amalume anali pakhonde, ndipo chichokereni m'mawa anali asanandiyankhule.

Ndinatenga beseni la madzi ndi sopo, ndinagwada, n'kupempha malaya aja kuti ndiwanyike.

"Asiye choncho," anatero.

Ndikudzuka anandifunsa ngati nyimbo za achimwene ndili nazo pa foni. Ndinati ndili nazo zonse.

"Usafufute. Koma osati lero."

Ndinakhuthula madzi aja kuseri, ndinalowa m'nyumba, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti amayi asadzuke.